Bilu ya magazi a PrEP yandisautsa miyezi iwiri kuno ku America

Lero m'mawa ndi pomwe andiuza kuti ngongole ya $386 yafafanizidwa. Mtima wakhala pansi, koma mkwiyo sunathe, ndiye ndati ndilembe zikadali m'mutu kuti anzanga amene muli kuno zisakuonekereni.

Bambo a kunyumba anawapeza ndi kachilombo ka HIV chaka chatha ndipo anayamba ma ARV pompo. Adokotala anati kufikira kachilomboko katachepa m'magazi mwawo mpaka kusaoneka poyeza, ine ndizimwa PrEP, mankhwala oteteza amene alibe kachilombo kuti asakatenge. Kwathu ku Malawi mankhwalawa ndi aulere m'zipatala za boma. Kuno chilichonse chimadzera ku inshuwalansi, ndipo yanga ndi ya kuntchito.

Mapiritsi sanavute. Ku famase anandipatsa botolo la tenofovir ndi emtricitabine, omwe ndi Truvada yemweyo koma opangidwa ndi makampani ena, piritsi limodzi patsiku, ndipo sindinatulutse ngakhale senti. Lamulo likutero kumene. Mu 2019 bungwe la akatswiri ounika njira zopewera matenda kuno ku America, la USPSTF, linaika PrEP pa giredi A, kutanthauza mulingo wapamwamba wa njira zomwe amalimbikitsa, ndipo malinga ndi lamulo la inshuwalansi ya zaumoyo lotchedwa Affordable Care Act, kuyambira 2021 inshuwalansi zambiri ziyenera kulipira zonse. Mu July 2021 boma linamveketsanso kuti zonsezo zikuphatikiza kuonana ndi dokotala ndi kuyeza magazi.

Tsono magaziwo ndi amene anandiliza. Usanayambe PrEP amakuyeza HIV, impso, matenda a chiwindi a hepatitis B ndi matenda opatsirana pogonana. Anandikoka timabotolo tinayi. Patatha masabata atatu, envulopu ija inafika kuchokera ku labu, nambala itadetsedwa pakona: $386. Ndinakhala pansi m'khitchini ndi yunifomu yakuntchito, miyendo itazizira, poganiza kuti HIV amayeza miyezi itatu iliyonse, ndiye kuti bilu yotere izibwera kanayi pachaka.

Lachiwiri lina ndinajomba kuntchito, tsiku lopanda malipiro, kuti ndithane nazo. Ndinaimba ku inshuwalansi, ndinadikira pafupifupi ola lathunthu foni ili kukhutu. Anati iwo alibe mlandu, ndifunse ku labu. Ku labu anati iwo amangotsatira zomwe chipatala chalemba. Kuchipatala anati ofesi yoona za mabilu ili kwina, andiimbira. Dzuwa linalowa, palibe anaimba. Chondiwawa kwambiri n'chakuti aliyense ndinkamufotokozera kuyambira pachiyambi, kuulula za m'banja mwanga kwa anthu anayi osawadziwa, tsiku limodzi lokha, popanda chophulapo.

Vuto lonse linali khodi, nambala yomwe chipatala chimalemba pouza inshuwalansi chifukwa chomwe mwayezetsera. Amene analemba pepala langa anaika khodi yosonyeza ngati ndinapita kukayezetsa matenda wamba, ndiye inshuwalansi inaponya ndalamazo pa deductible yanga, ndalama zomwe umayamba walipira wekha inshuwalansi isanayambe kulipira. PrEP ili ndi khodi yakeyake, Z29.81, yomwe inayamba kugwira ntchito mu October 2023. Anandiunikira ndi namwino wina mnzanga wakuntchito, osati maofesi atatu aja. Ilembeni penapake: Z29.81. Musatuluke m'chipinda cha dokotala musanafunse ngati ili pa pepala lopita ku labu.

Ndaiwala chinanso, chomwe chinayenera kukhala poyamba. Funsani ngati labuyo ili m'gulu la omwe inshuwalansi yanu imagwira nawo ntchito, chifukwa zaulerezi zimathera pomwepo mukapita kunja kwa gululo. Yanga inalimo, apo ayi ndikanagonja. Komanso ngati muli pa inshuwalansi ya amuna anu kapena makolo, dziwani kuti kalata ija yotchedwa EOB, yosonyeza zomwe mwayezetsa, nthawi zambiri imapita kwa mwini wake wa inshuwalansi. Imbani mupemphe kuti zanu zizibwera kwa inu nokha.

Nditadziwa za khodi, ndinapita ndekha kuchipatala, sindinadalirenso foni. Ndinaima pa zenera mpaka anavomera kukonza pepala ndi kulitumizanso. Ku inshuwalansi ndinalembanso apilo, popeza lamulo limapereka masiku 180 kuchokera pomwe akukanira. Ku labu ndinapempha kuti aimitse biluyo kaye isapite kwa otolera ngongole, ndipo ndinkalemba tsiku ndi nambala ya dandaulo nthawi iliyonse ndikaimba. Musalipire msanga chifukwa cha mantha, abale anga. Ine ndinatsala pang'ono kutenga ndalama yotumiza kwa amayi kumudzi kuti ndingothana nazo.

Amayi anzanga, wina akakutchulirani mapiritsi ena a PrEP otchedwa Descovy funsani bwino, chifukwa sanavomerezedwe kuteteza akazi pogonana m'njira ya abambo ndi amayi. Palinso jakisoni wa Apretude wa miyezi iwiri iliyonse, koma ine ndakhala pa mapiritsi.

Lachisanu likudzali ndikukayezetsanso magazi. Kapepala ka Z29.81 ndakamata kumbuyo kwa khadi la inshuwalansi, ndipo ndikawaonetsa asanandimange lamba pamkono.