Zikomo nonse amene munatithandiza kusaka mwana wathu mu Shire

Ife a banja, pamodzi ndi komiti ya chitetezo cha m'mudzi mwathu kuno ku Chigwa cha Shire, tabwera kudzagwada pamaso panu. Mnyamata wathu wa zaka 15 amene munkamuona pa zithunzi zija anapezeka tsiku lachitatu m'bango, atatisiya kale, ndipo tinamuika m'manda tsiku lomwelo. Achipatala anapima thupi apolisi ali pomwepo, ndipo anapeza kuti anamira. Panalibe bala la mpeni, panalibe chiwalo chosowa, panalibenso mano a ng'ona. Tayamba ndi mawu amenewa dala, chifukwa zolembedwa pa Facebook ndi pa WhatsApp zinachuluka, ndipo zina zikuyendabe mpaka lero. Dzina lake ndi la mudzi sititchula pano. Amayi ake akadali pasiwa, ndipo foni yawo yalira mokwana.

Oyamba kuwathokoza ndi ana awiri, abusa anzake. Ng'ombe zinabwera zokha kukhola dzuwa litapendeka, ndipo anawo atafunsidwa pagulu anangoti sakudziwa. Mwana amene waona mnzake akumira amaopa ndodo, amaopanso kuti mlandu ugwera iye, ndiye akazunguliridwa ndi akuluakulu okalipa amatseka pakamwa. Mayi a kwa nyakwawa, zikomo. Munawatenga anawo mmodzimmodzi kuseri kwa nkhokwe, munawapatsa madzi, munayamba ndi kuwauza kuti palibe awamenye. Pasanathe theka la ola tinadziwa doko, nthawi, ndiponso kuti analowa m'madzi potsatira thole limene linaterereka. Mafunso anali atatu okha: munamuona komaliza ali pati, dzuwa lili pati, atavala chiyani. Popanda zimenezi mabwato akanayamba kusaka malo olakwika.

A nyakwawa, inu munachita chinthu chimene ambiri amaiwala. Musanaimbe belu la kutchalitchi munatuma anyamata anayi kukamanga chingwe pa doko kuti anthu asapondepo. Khamu likafika pagombe, mphindi khumi zokha zimakwana kufafaniza mapazi onse. Chifukwa cha chingwe chija apolisi anapeza patapata mmodzi, ndodo yake yobusira, ndi pamene gombe linagumuka. Magombe a Shire m'nyengo yotentha amanyenga: pamwamba dothi louma lolimba, kunsi madzi anadya kale, ndipo munthu akaponda m'mphepete amagwera pakuya nthawi imodzi. Madzi osefukira a 2015, a namondwe Ana mu 2022 ndi a Freddy mu 2023 anasuntha mchenga ndi kukumba maenje m'malo amene akale ankawoloka madzi ali m'maondo. Doko limene munthu analidziwa ali mwana si limenelo lero. Panalibe mkwasa wa chinthu chokokedwa kapena mapazi a ng'ona pamatope, ndipo zimenezi zinathandiza kudziwa kuti tisakire pafupi kaye.

Apolisi a pa siteshoni yathu, tikuthokoza polandira lipoti usiku womwewo. Pali bodza limene limayenda loti munthu akasowa muyenera kudikira tsiku lathunthu musanakanene. Mwana akasowa, pitani nthawi yomweyo, kapena imbani 997. Nambala ya 116 ndi yaulere, yothandiza pa nkhani za ana. Popita tengani chithunzi chatsopano choonetsa nkhope bwino, osati cha zaka zitatu zapitazo ali mu yunifolomu ya pulayimale, chifukwa mwana wa msinkhu uwu amasintha chaka chilichonse. Nenani zovala, msinkhu, zipsera, ndi nambala ya foni ngati anali nayo. Musataye nthawi kupita nokha ku kampani ya foni kukafunsa kumene foni inalira komaliza. Zimenezo amapempha ndi apolisi potsata njira za khoti. Ndipo asankhidwe munthu mmodzi wa banja wolankhula ndi apolisi. Kwathu anali atsibweni ake. Akamaimba anthu asanu, aliyense ndi nkhani yake, wapolisi amalemba zinthu zisanu zotsutsana. Mayi wa ku ofesi yothandiza ozunzidwa, amene munakhala ndi ana awiri aja powafunsanso, Mulungu akudalitseni.

Tsopano asodzi. Pano tikhalitsapo, chifukwa ntchito yaikulu munagwira ndinu, ndipo munasiya maukonde masiku atatu osapempha kanthu.

Munabweretsa mabwato 6. M'bwato lililonse munakwera anthu atatu basi: wopalasa kumbuyo, wa nsungwi pakati, woyang'ana kutsogolo. Achibale ambiri ankafuna kukwera nawo ndipo munawakaniza, ena mpaka anakwiya. Munachita bwino. Bwato losema likalemera, milomo yake imatsala pang'ono kumwa madzi, ndipo munthu wachisoni amaimirira mwadzidzidzi akaona kanthu kakuyandama. Umo ndi mmene maliro amodzi amasandukira atatu. M'bwato lililonse munamangamo zigubu ziwiri za malita 20, zopanda kanthu, zotseka bwino, zolumikizidwa ndi chingwe chachifupi. Chigubu chotere chimayandamitsa munthu wamkulu akachikumbatira pachifuwa. Munaikamonso chingwe chachitali ndi kachitini kokapira madzi.

Tsiku loyamba munakana kuthamangira kumunsi, ngakhale anthu pagombe ankakuwa kuti madzi amutenga kale. Munthu akamira amayamba wapita pansi, ndipo nthawi zambiri amakhala pafupi ndi pomwe anamirira, makamaka pakakhala dzenje kapena mizu. Choncho munafola mabwato mopingasa mtsinje, motalikirana ngati mikono itatu, n'kumagwaza pansi ndi nsungwi pang'onopang'ono, kuyambira pa doko kutsika. Nsungwi ikakhudza mchenga imamveka mwina, ikakhudza chipika imamveka mwina. Mbedza zazikulu zomangirira ku chitsulo munazikoka m'malo akuya okha, ndipo kawiri konse zinakola mitengo yomira, chingwe n'kuduka. Pamene pali zipika zambiri mbedza zimangodya nthawi.

Kuyambira tsiku lachiwiri munasintha. M'madzi ofunda ngati athu kuno thupi silichedwa kubwera pamwamba. Kawirikawiri pamapita tsiku limodzi mpaka atatu, pamene m'madzi ozizira limatenga nthawi yaitali. Likayandama limayenda ndi zinyalala, ndipo limaima pomwe zinyalala zimaima: pokhota mtsinje pamene madzi amazungulira, kutsogolo kwa kachilumba, m'mphepete mwa bango, ndi pansi pa namasupuni. Mkulu wa pa doko anaponya thunthu la nthochi pamalo pomwe mwana anagwera, bwato limodzi n'kumalitsatira kuti lione njira ya madzi. Thunthulo linakakocheza pa bango lina, ndipo m'mawa wa tsiku lachitatu mwana wathu anapezeka chapafupi pomwepo. Woyang'ana asayembekezere kuona nkhope. Chimaoneka ndi msana wokha, ngati thumba kapena chipika, ndiye chilichonse chokayikitsa chiyenera kufikiridwa. Namasupuni ndiye wovuta koposa: amaphimba zonse, ndipo amafunika kumukankha ndi nsungwi chigawo ndi chigawo.

Mantha athu aakulu anali akuti akapitirira n'kulowa mkati mwa dambo la Elephant Marsh, momwe mtsinje umagawikana tinjira tambirimbiri, kumupeza kukanakhala kwa mwayi chabe. N'chifukwa chake tikuthokoza anyamata a kabaza ndi a njinga zamoto amene munanyamula uthenga usiku woyamba kukafika m'madoko a kumunsi, ndi abale a tsidya la kum'mawa amene munaika anthu oyang'ana m'mawa ndi madzulo. Uthenga wa mtsinje uyenera kuyenda msanga kuposa madzi, ndipo uyenera kupita magombe onse awiri. Kwa anzathu a kumunsi kwa Chiromo, kumene Ruo amathira mu Shire ndipo tsidya linalo ndi Mozambique, uthenga wotere umafunika kudzera kwa mafumu ndi apolisi kuti ukafikenso kwa asodzi a tsidya ilo.

Asodzi, usiku simunalowe m'madzi, ngakhale amayi ake anakupemphani akulira. Mvuu zimatuluka madzulo kukadya ndipo zimabwerera mbandakucha, ndipo bwato likapezeka pakati pa mvuu ndi dziwe lake, kapena pafupi ndi yamwana, limagubuduzidwa. Tochi saonetsa kanthu pansi pa madzi amatope. Munkayamba kukayera bwino, kupuma dzuwa likafika paliwombo, n'kubwereranso cha m'ma 3 koloko. Oyenda pagombe munawagawa atatuatatu, gulu lililonse chigawo chake ndi wezulo wake, ndipo munawaletsa kuyenda m'mphepete mwenimweni kapena kudutsa pa mchenga wa m'bango, poti nyengo yotentha ino ng'ona zazikazi zimalondera mazira.

Amayi a m'mipingo yonse, ndi a ku mzikiti, inu munasunga osaka ndi moyo. Kutentha kwa kuno kukafika madigiri 40 munthu wopalasa amakomoka asanazindikire. Munkatumiza zigubu za madzi a pa mjigo othira mankhwala, thobwa, ndi mapaketi a Thanzi kwa amene anayamba kumva chizungulire. Palibe anamwa madzi a mumtsinje, palibe anagonekedwa kuchipatala.

Za pa intaneti tinena mosabisa, poti zinatithandiza ndipo zinatipwetekanso. Amene munafalitsa chithunzi ndi nambala imodzi imene tinapereka, zikomo. Asodzi ena anamva kudzera kwa inu. Koma tsiku lachiwiri wina analemba kuti wamuona mwanayo pa msika wina akukwera minibasi. Njinga zamoto zitatu ndi wapolisi mmodzi anapita kumeneko, mafuta anatha, theka la tsiku linapita. Wolembayo atafunsidwa anati anangomva kwa mnzake. Ngati mwaona kanthu, imbirani nambala ya banja kapena apolisi, nenani malo, nthawi ndi zovala, ndipo nenani ngati mwaona ndi maso anu kapena mwangomva. Kulemba pagulu kuti "akuti wapezeka" kumachititsa anthu a m'madoko kusiya kuyang'ana.

Choopsa kwambiri chinali cha gogo wina wa m'mudzi moyandikana nafe, amene anthu anayamba kumutchula kuti ndiye wabisa mwana m'matsenga. Madzulo ake anyamata anali atayamba kusonkhana ndi miyala. A gulupu, ndi inu a komiti amene munakagona pakhonde pa gogoyo mpaka apolisi anafika, mwatipulumutsa ku maliro achiwiri ndi ku manyazi osatha. Tonse tikukumbukira mmene mphekesera za anamapopa zinaphetsera anthu osalakwa m'chigawo chino cha kummwera mu 2017. Kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pa malamulo a dziko lino, ndipo lamulo la 2016 lokhudza za pa intaneti limaletsa kuzunza kapena kuopseza munthu pa makina. Gogoyo tinapita kukamupepesa ngati banja, ngakhale sitinamutchule ndife.

Kunapezekanso wina amene anaika nambala yake pansi pa chithunzi cha mwana wathu n'kumalandira chipepeso cha pafoni. Nkhaniyo ili m'manja mwa apolisi. Amene munatumiza kumeneko, sungani uthenga wotsimikizira uja, ukufunika ngati umboni.

Bambo amene munamupeza, munachita zonse mwa dongosolo. Simunamukweze m'bwato, simunakuwe. Munamangirira chingwe mofatsa ku bango kuti madzi asamutengenso, munaphimba ndi chitenje, munatuma mnzanu kukaitana apolisi, inu n'kukhala pomwepo kulondera. Thupi likasunthidwa apolisi ndi achipatala asanalione, mafunso amatsala opanda mayankho, ndipo mphekesera zimamera pomwepo. Pomuvuula anagwira anthu anayi ovala magolovesi, pogwiritsa ntchito pepala lalikulu la pulasitiki lolowetsa kunsi, osakoka mkono kapena mwendo, chifukwa khungu lokhalitsa m'madzi silichedwa kusupuka. Womuzindikira anali atsibweni ake, poona kabudula ndi chipsera cha pa bondo. Amayi ake sitinawalole kufika pagombe. Achinyamata amene munaima mozungulira ndi zitenje kutchinga mafoni, munamusungira ulemu mwana wathu.

Adzukulu, munayamba kukumba uthenga utangofika, pa dothi la makande louma ngati mwala, ndipo manda anatha dzuwa lisanalowe. Akalipentala amene munakhoma bokosi lokulirapo mosafunsa zambiri, aphunzitsi ndi anzake a m'kalasi amene munabwera kudzaimba, tilibe mawu.

Ndalama zonse za chipepeso, ufa, nkhuni ndi mafuta zinalembedwa m'kope limodzi, ndipo msungichuma wa komiti adzaliwerenga pabwalo la a nyakwawa Loweruka likudzali m'mawa. Pa msonkhano womwewo tidzakambirana zosamutsa pomwetsera ng'ombe kupita pamalo a mchenga osaya, ndi zoika chingwe ndi zigubu ziwiri pa doko lililonse kuti zizikhala pomwepo.

Pali chithunzi chimodzi chimene wina anajambula pagombe tisanatchinge. Amene muli nacho m'foni, chonde fufutani, ndipo mukachiona pagulu lililonse uzani woyang'anira gululo achichotse. Azichemwali ake ali ndi mafoni. Katundu wobwereka ali kwa a nyakwawa: zigubu 12, zingwe, matochi 4, mapoto awiri aakulu a amayi a mvano, ndi nkhafi imodzi yomangidwa mphira pa chogwirira imene mwini wake sanadziwikebe.