Sabata ya .243 m'sitolo ya mfuti ku Highlands

Kuno ku Scotland nyengo yosaka mbawala zazikazi imatsegulidwa pa 21 Okutobala, ndipo sabata imeneyo m'sitolo yathu, kufupi ndi Inverness, munthu sukhala pansi. Ine ntchito yanga ndi ya pakauntala: kuona ziphaso za mfuti, kugulitsa zipolopolo, kulemba zonse m'kaundula, ndi kuperekeza makasitomala kumalo oyesera mfuti. Chaka chino aliyense wolowa pakhomo anali ndi funso limodzi, loti agulitse mfuti yake ya .243 (nambalayi ndi saizi ya chipolopolo) kapena ayi.

Lolemba m'mawa anafika bambo wina wachikulire amene wakhala akuyang'anira nyama pa esiteti ina kwa moyo wake wonse. Anaika chikwama cha mfuti pakauntala n'kunena kuti akufuna .308, chifukwa wamva kuti .243 ailetsa. Palibe amene waletsa .243. Chimene boma la Britain linalengeza mu Julaye 2025 ndi chakuti zipolopolo za mtovu zosakira nyama zidzaletsedwa, kuyambira pa saizi ya .243 kupita m'mwamba, ndipo anthu apatsidwa zaka zitatu zoti asinthire ku zipolopolo zina, makamaka za kopa. Koma mantha a bamboyu sanangochokera m'mutu, ndipo ndinawamvetsa.

Nkhani yake ili motere. Lamulo la ku Scotland la 1985 linkati mbawala zikuluzikulu ngati red deer uziwombera ndi chipolopolo cholemera magreni 100 kapena kuposa (greni ndi muyezo wa kulemera kwa chipolopolo), chotuluka pa liwiro losachepera mafiti 2,450 pa sekondi, ndi mphamvu yosachepera ma foot-pound 1,750. Kopa ndi wopepuka kuposa mtovu, choncho kuti chipolopolo cha kopa chifike magreni 100 chimayenera kutalika. Mkati mwa mpope wa mfuti muli mizere yopota imene imazunguza chipolopolo kuti chiyende chowongoka, monga nguli imaimira pamene ikuzungulira kwambiri. Ma .243 ambiri akale amapota kamodzi pa mainchi 10, ndipo kuzungulira kumeneko sikukwanira chipolopolo chachitali. Chimayamba kudzandira m'malere, mwina mpaka kukagunda pepala chopingasa. Ndiye kwa zaka zingapo mwini .243 anali pakati: mtovu akumuletsa, kopa wovomerezeka mfuti yake ikumukana. Mu Novembala 2023 boma la Scotland linatsitsa kulemera kuja kufika magreni 80, ndipo vuto lalikulu linathera pomwepo. Uthengawu sunafike kwa onse.

Ndinawauza kuti, "Bambo, musanataye ndalama, tiyeni mawa tikaiyese kaye."

Lachiwiri ndiye tsiku limene ndinalikonda. Kumalo oyesera tinaika makina oyezera liwiro, chifukwa pali kanthu kamodzi kamene anthu amaiwala. Anatsitsa kulemera kwa chipolopolo, koma ma foot-pound 1,750 aja sanawakhudze. Chipolopolo chikapepuka chimayenera kuthamanga kwambiri kuti mphamvuyo ikwane, ndipo cha magreni 80 chimafunika kutuluka pa mafiti pafupifupi 3,140 pa sekondi. Liwiro limene amalemba pabokosi nthawi zambiri amaliyezera pa mpope wautali, wa mainchi 24. Mfuti ya bamboyu, yakale koma yosadula, inapitirira malire bwinobwino, ndipo zipolopolo zinagwa pamodzi pa chandamale. Tinangosuntha pang'ono galasi loonera, popeza kopa sagwa pamene mtovu unkagwa. Anabwerera kwawo ndi mabokosi awiri ndi mfuti yawo yomwe ija.

Masana kunabwera mnyamata amene anadulitsa mpope wa .243 yake kuti ikamangidwa chochepetsera phokoso isatalike kwambiri m'nkhalango. Mfuti yokongola ndithu, yosavuta kunyamula. Makina aja anaonetsa kuti liwiro lake likuchepera malire. Mfuti ziwiri, saizi yolembedwa pampope yofanana, chipolopolo cha bokosi limodzi, koma ina ili m'lamulo ina ili kunja. Timbawala ta roe akhoza kusaka nayo, poti timeneto lamulo limangofuna magreni 50, liwiro la mafiti 2,450 lija ndi ma foot-pound 1,000, koma red deer ayi. Iyeyu ndiye ndinamuuza kuti aganize za mfuti ina, kapena mpope watsopano.

Lachitatu linatha ndi mapepala. Kuno sungangolowa m'sitolo n'kutuluka ndi saizi imene wafuna. Chiphaso chako chimatchula mfuti imene apolisi akulola, ndipo kusintha saizi n'kupempha kaye ku Police Scotland. Mnyamata uja ndinamuthandiza kudzaza fomu, ndipo mfuti imene anasankha ikudikira m'kabati yachitsulo mpaka chiphaso chibwere.

Anasankha 6.5 Creedmoor, monga achinyamata onse masiku ano. Sindikuinyoza. Kampani ya Hornady inaitulutsa mu 2007, ndipo mipope yake imapota kamodzi pa mainchi 8, choncho zipolopolo zazitali za kopa imazilandira mosavuta, komanso siikankha phewa kwambiri. Koma ndikaona anthu akuilankhula ngati chozizwitsa ndimaseka chamumtima, chifukwa 6.5x55 ya ku Sweden yakhala ikugwira ntchito yofananayo kuyambira m'ma 1890. Munthu akandifunsa ine kuti agule mfuti imodzi yokha yosakira chilichonse m'mapiri muno, ndimati .308. Si yapamwamba, koma zipolopolo zake za kopa zili m'sitolo iliyonse, ndipo mpope wake ukafupika mphamvu imatsalabe yambiri. Akuluakulu a m'mapiri amakakamira .270 yawo, imene inatuluka kale mu 1925, ndipo ndi kopa nayonso ikuyenda bwino, kungoti phokoso lake n'loboola m'makutu.

Lachinayi mlendo wina wochokera ku England anadabwa kumva mnzake wa kuno akugula zipolopolo za .223 zokasakira roe. Kwawoko zimenezo n'zoletsedwa: lamulo lawo la 1991 limayang'ana saizi, yosachepera .240, ndipo mfuti zing'onozing'ono zoterezi amazilola pa timbawala ta muntjac ndi Chinese water deer basi. Kuno lamulo siliwerenga saizi konse, limayang'ana kulemera, liwiro ndi mphamvu. Wosaka mbali zonse ziwiri za malire ayenera kukwaniritsa malamulo onse awiri.

Chimene chikukankha anthu kwambiri si boma, ndi msika. Ogula nyama ambiri anayamba kale kukana mbawala yophedwa ndi mtovu, chifukwa chipolopolo chotere chimamwazika tizidutswa m'nyama, ndipo matumbo otayidwa paphiri amadyedwa ndi ziombankhanga. Ndiye wosaka amene amagulitsa nyama sangadikire kuti zaka zitatu zija zithe. Lachisanu alenje atatu anakangana pakauntala pafupifupi ola lonse. Wina ankati kopa amaboola n'kutuluka osatambasuka, nyama n'kuthamanga mtunda wautali isanagwe. M'mawu akemo muli choona: kopa amafuna liwiro kuti atseguke kumutu, ndipo ukawombera patali kwambiri liwirolo limakhala litatha. Ndiye uphungu wathu ndi wakuti utenge chipolopolo chopepukirako kuposa cha mtovu chimene unazolowera, uyandikire nyama, ndipo utsuke mpope usanasinthe. Dandaulo la mtengo lokha ndiye ndinalibe yankho lake, kopa ndi wodula basi.

Loweruka titatseka, ine ndi abwana tinakhala pansi kulemba oda ya mwezi wamawa. Zipolopolo za mtovu za saizi zikuluzikulu tinazichepetsa kwambiri, za kopa za .243 za magreni 80 tinaonjezera, ndipo abwana anavomera kuti tigule makina achiwiri oyezera liwiro oti makasitomala azibwereka.