Sikelo yatsopano ndi ufa umene unkasowa pachigayo

Ntchito yambiri ya sabata yathayi inali ya masikelo a m'mabutchala ndi a amayi ogulitsa nyemba ku Soweto Market mumzinda wa Lusaka, ndipo imeneyo aliyense wa ife okonza masikelo amaidziwa: kupukuta fumbi, kuwongola miyendo ya sikelo, kuikapo miyala yoyesera sikelo, yodziwika kale kulemera kwake, ndi kulemba zimene yaonetsa. Chimene chandikhalitsa pansi kuti ndilembe ndi zimene ndinapeza Lachitatu pachigayo china ku Chinika.

Anandiitana chifukwa ufa unkasowa. Mabuku awo ankasonyeza kuti ufa wogayidwa ndi wochuluka kuposa umene unali m'matumba a makilogalamu 25 ofika kusitolo, ndipo a manijala anali atagamula kale kuti anyamata olongedza akuba. Awiri anali atawaimitsa ntchito, ndipo mmodzi ndinamupeza atakhala pa njerwa kunja kwa geti, ovalosi yake yoyera ndi ufa ataipinda pamiyendo, akudikira kuti mwina amuitana.

Nditaika mwala wa makilogalamu 20 pa sikelo yawo yatsopano, inaonetsa 19.94. Ndinayesa pakati ndi m'makona monse, koma nambala sinasinthe, ndipo load cell, kachipangizo kam'kati mwa sikelo kamene kamamva kulemera kwa katundu, inalibe vuto lililonse. Sikeloyo anaikonza kufakitale ya ku Ulaya, ndipo chifikireni ku Lusaka palibe amene anaikhazikitsanso ndi miyala.

A manijala anaseka nati, "Koma abambo, kilo ndi kilo, kaya ku Ulaya kaya kuno." Ndinawayankha kuti, "Zoona bwana, ufa ndi womwewo, koma sikelo yanuyi sidziwa ufa, imangomva mmene dziko likuukokera pansi." Kilogalamu imayeza mass, kutanthauza kuchuluka kwa chinthu, ndipo kumeneko sikusintha kulikonse kumene mungapite nacho. Kulemera ndi mphamvu, timakuyeza m'ma newton, ndipo kumadalira malo. M'mayiko ngati Germany dziko limakoka kilogalamu iliyonse ndi ma newton pafupifupi 9.81, pamene kuno ku Lusaka, chifukwa tili pafupi ndi equator komanso pamtunda wopitirira mamita 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, limakoka ndi pafupifupi 9.78. Sikelo ya magetsi imamva mphamvuyo n'kuisandutsa makilogalamu potengera kumene anaikonzera, choncho yawoyi inkaona thumba lililonse ngati lopepuka, ndipo anyamata ankawonjezera ufa mpaka nambala ifike pa 25.00 monga anawalamulira. Thumba lililonse linkatuluka ndi magalamu pafupifupi 80 owonjezera. Pa matumba 1,000, ufa wokwana matumba atatu unkapita kwa ogula kwaulere.

Pakona ya sitolo panali sikelo yakale ya mkono, yokankha mwala, imene anaitaya poiona ngati yachikale. Imeneyo imafanizira katundu ndi mwala, ndipo popeza dziko limakoka zonse ziwiri mofanana, sisamala za malo. Tinakwezapo thumba limodzi, ndipo mkono unakwera, kusonyeza kuti linali lopitirira makilogalamu 25. Apo m'pamene a manijala anasiya kuseka.

Mkwiyo wanga waukulu uli pa kampani yathu yomwe, chifukwa ndi ife amene tinaika sikeloyo. Abwana athu anatumiza mnyamata wophunzira ntchito, yekha, pa minibasi, wopanda miyala, poti galimoto ya kampani ili kugalaja ndipo ndalama yobwerekera ina akuti palibe. Mwanayo analumikiza mawaya, naona kuti nambala zikuyaka, nasayinitsa pepala. Sindimuimba mlandu, chifukwa miyala ya makilogalamu 20 munthu sanganyamule m'chikwama. Koma amene anamutuma akudziwa bwino kuti sikelo yogulitsira malonda imayenera kutsimikiziridwa ndi a Zambia Metrology Agency, bungwe la boma loona za miyeso, ndipo ife timayenera kuikhazikitsa pamalo pomwe igwirire ntchito iwo asanabwere. Nditawauza zimenezi Lachinayi, anangondifunsa ngati kasitomala walipira ulendo wanga.

Sikeloyo ndinaikonza tsiku lomwelo, ndipo m'lipoti ndinalemba momveka kuti olongedza sanabe kanthu. Pofika Lachisanu anyamata aja anali asanabwezeredwe pantchito, akuti nkhani ili kwa eni chigayo. Lolemba andilembera weighbridge ya ku Kafue Road, sikelo yaikulu yoyezera magalimoto, imene imafuna miyala ya matani angapo, ndipo galimoto ikadali kugalaja.