Tsiku Limene Ndinachiritsa Chinthu Chosadwala

Kwa zaka 22 ndakhala ndikukonza mawailesi, mawotchi, matochi ndi mafoni pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika wa pa Boma ku Mangochi, ndipo pa zaka zonsezo ndayenda ndi lamulo limodzi limene linali lisanandichititsepo manyazi, lakuti chinthu chikalimba pamene chimayenera kufewa ndiye kuti mwalowa mchenga. Kuno kwathu mchenga suodira pakhomo. Umalowa m'ndiwo, m'makutu, ngakhale mu wotchi imene mwiniwake amalumbira kuti sanapite nayo kunyanja. Motero mankhwala anga akhala amodzimodzi: kutsegula, kuuzira, kudontheza mafuta a makina osokera, kutseka, kenako kulandira ndalama.

Mlamu wanga, mwamuna wa mlongo wanga, amagwira ntchito ku Johannesburg monga amachitira amuna ambiri a m'boma lino. Chaka china anatumizira mwana wake wamwamuna makina a PlayStation 5 n'cholinga choti Loweruka lililonse madzulo azisewera naye mpira pa intaneti, mwana asaiwale mawu a bambo ake. Popeza kunyumba kwa mlongo wanga kunali kusanafike magetsi, makinawo anaikidwa m'nyumba mwanga, ndipo ine monga malume ndinapatsidwa udindo wowayang'anira. Palibe amene anandipempha kuti ndiwakonze, ndipo mfundo imeneyi mlongo wanga amaibwereza mpaka lero.

Pa nkhani ya kontirola, chipangizo chogwira m'manja choyendetsera gemu chimene anyamata amangochitcha padi, sindinali mlendo ayi. Ndili mnyamata ndinasewerapo timakina tija ta katiriji yachikasu, totengera Famicom imene Nintendo inatulutsa ku Japan mu 1983, ndipo padi yake inali kabokosi kafulati kokhala ndi kamtanda kolozera mbali zinayi ndi mabatani A ndi B. Pambuyo pake anyamata a m'mavidiyo sho anayamba kundibweretsera makontirola a PlayStation 2 oduka nthambo, moti m'kati mwake ndinkamudziwa monga ndidziwira m'thumba langa. Ku chogwirira chamanzere kumakhala kamota kokulirapo, chakumanja kocheperapo, ndipo kalikonse kali ndi kachitsulo kolemera mbali imodzi, kamene kakamazungulira kamagwedeza padi yonse monga limagwedezera njinga tayala lopindika. Sony, yopanga PlayStation, inaika nzeru imeneyi mu padi yake ya DualShock ya 1997 n'kukhala nayo zaka zambiri, ndipo ine ndinkaona kuti padi yopanda timota tiwiri timeneti ili ngati chambo chopanda mutu.

Loweruka lina mu Okutobala, dzuwa litaswa mtengo mwakuti ngakhale a kabaza anali atabisala m'mithunzi, mnyamata uja anapita kukasamba ku Shire ndi anzake. Ndinatseka chitseko, ndinayatsa makina, n'kuyamba mpira. Chigawo choyamba chinayenda bwino, kupatula kuti padi inkanjenjemera modabwitsa, nthawi zina mbali imodzi yokha, ndipo ndinalemba m'mutu kuti kamota kamodzi kakufa. Chigawo chachiwiri chitafika pakati, batani la R2, limene umakanikiza ndi chala chamkombaphala kuti wosewera athamange, linayamba kulimba. Ndinalikanikiza, ilo n'kumandikankha. Nditapatsira mpira mnyamata amene anali atangolowa kumene m'bwalo, batani linafewa, koma nditaubwezera kwa wotsogolo amene ndinali nditamuthamangitsa kuyambira pachiyambi, linalimbanso. Munthu wanzeru akadaimapo pang'ono n'kuganiza, koma ine ndinaona umboni wokwanira wakuti kamwala kamchenga kakuyendayenda m'katimo.

Ndinayala mphasa pansi pa mtengo wa mango, ndinatenga sikuludiraiva yaing'ono, botolo la mafuta ndi burashi yakale yotsukira mano. Mkazi wanga, amene ankasankha usipa pakhonde, anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Abambo, chimenecho mwini wake wadandaula kuti chawonongeka?" Ndinamuyankha kuti mwana wakhanda sanena pamene pakumupweteka, koma namwino wodziwa ntchito amaona yekha.

Nditatsegula, mtima unandigwa. Timota ta zitsulo tija munalibe. M'malo mwake munali timigolo tiwiri totseka, topanda chilichonse chozungulira chimene ndikanachiloza ndi chala. Pomwepo ndinagamula kuti mlamu wanga anamuchenjeretsa ku Johannesburg, anamugulitsa padi imene ena anali atazula kale za m'mimba, ndipo ndinamumvera chisoni chosakanikirana ndi kachimwemwe kamene mlamu aliyense amakadziwa. Kenako ndinafika kuseri kwa R2, kumene ndinapeza kamota kakang'ono ngati nyemba, kagiya kopotoka ngati sikulu, ndi kamkono kapulasitiki kamene kanatsamira pa batani penipeni. Mchenga sindinaupeze ngakhale kambewu kamodzi, koma zimenezo sizinandibweze m'mbuyo, chifukwa ndinali nditaona ndi maso anga chinthu chimene chinkatchinga batani. Ndinakasendeza ndi nsonga ya sikuludiraiva, kanakana, ndinawonjezera mphamvu, kanathyoka, ndipo ndinakasunga bwinobwino m'bokosi la machesi. Ndinadontheza mafuta katatu, n'kuwonjezera kachinayi chifukwa cha chibale.

Pamene ndinkabwezera batani m'malo mwake, kasipuling'i kowonda ngati tsitsi kanadumpha n'kukagwera mumchenga patali pang'ono ndi mphasa. Ndinakaona kakunyezimira, koma nkhuku yathu yamawangamawanga inakaonanso, ndipo pakati pa munthu wa zaka zanga amene wakhala chopinda miyendo ndi nkhuku yanjala, mpikisano sunakhalitse. Ndinaithamangitsa kuzungulira bafa kawiri nditavala chitenje cha mkazi wanga m'chiuno chifukwa cha kutentha, ana a oyandikana nawo akuwombera m'manja, mpaka inalowa pansi pa nkhokwe n'kumandiyang'ana ndi diso limodzi. Ndinabwerera pamphasa, ndinadula kamphira ka chubu chakale cha njinga, ndinakakoleka pamalo pa sipuling'i, n'kutseka. Batani linafewa ngati papaya lakupsa, ndipo ndinadziyamikira ndekha.

Madzulo mnyamata anabwera, anayatsa makina, analumikizana ndi bambo ake, mpira n'kuyamba. Kwa mphindi ziwiri zonse zinali bwino. Kenako kamphira kaja, kamene kanali katanyowa ndi mafuta, kanapulumuka, batani linagwera m'kati osabwereranso, ndipo wosewera aliyense amene walandira mpira ankathamanga ngati watokosola njuchi, osaima, mpaka kutuluka nawo m'bwalo. Mnyamatayo anayang'ana zala zake zonyezimira, ananunkhiza padi, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Malume, padi iyi ikununkha ngati kwa telala." Ine ndinatulutsa bokosi la machesi, ndinalitsegula pang'onopang'ono monga amachitira sing'anga poonetsa chimene wachotsa m'thupi la wodwala, n'kumuuza kuti asadandaule, matenda ndawazula ndi mizu yomwe. Iye anaika padi patebulo, anatuluka osayankhula kanthu, n'kulunjika kwa amayi ake.

Pamenepo ndinaona kuti ndiyenera kukonzekera mlandu, ndipo ndinayamba ndi mkazi wanga. Ndinamufotokozera mokweza mawu kuti vuto lonse ndi la mlamu, munthu wokonda zotchipa, amene amagula katundu pamsewu osatsegula n'komwe kuti aone ngati muli timota. Popeza pakamwa pakatseguka sipasankha, ndinapitirira mpaka pa nsapato zimene anandibweretsera ulendo wina, zimene zinasiya soli pa mlatho wa Bakili Muluzi tsiku loyamba kuzivala, ndiponso pa nyumba imene wakhala akuimanga kwa mlongo wanga kwa zaka zambiri koma mawindo ake akadali otseka ndi njerwa. Ndikupuma kuti ndimeze malovu, padi imene inali patebulo inatsokomola, n'kunena ndi mawu amene ndinawazindikira bwino kwambiri kuti, "Alamu, pitirizani ndithu, kuno tikukumvani bwino tonse, ndi anzanga omwe."

Mkazi wanga anagwetsa lichero. Ine ndinaimirira, ndipo pazifukwa zimene mpaka pano sindizimvetsa, ndinavula chipewa.

Padi imeneyi, imene dzina lake ndi DualSense ndipo inatuluka pamodzi ndi PlayStation 5 mu Novembala 2020, ili ndi maikolofoni ndi sipika m'kati mwake, moti anthu amacheza osavala zam'makutu. Pali kabatani kakang'ono pansi pa chizindikiro cha PS kamene umakanikiza kuti usamveke, ndipo kamayaka ngati lalanje ukatero. Masana ndinali nditakaona, koma ndinaganiza kuti n'kokongoletsa chabe.

Mlandu unazengedwa usiku womwewo, mlongo wanga atakhala pampando, mlamu akuyankhula kuchokera patebulo, ndipo mwana amene ndinamunyamulapo ali wakhanda ndiye anakhala mphunzitsi wanga. Anandiuza kuti kamkono kamene ndinakathyola anakaikamo dala: gemu imalamula kamota kuti kazungulitse kagiya, kagiya kamakankha kamkono, ndipo kamkono kamalimbana ndi chala chako pamlingo umene gemuyo yafuna. Mu mpira, kuyambira pa gemu ya FIFA 21, wosewera akatopa batani lothamangira limalemera, kuti iwe wogwira padi umve m'chala kuti mnzakoyo miyendo yatha ndipo um'pumitse. Mu magemu ena batani lomwelo limalimba pang'onopang'ono ngati chingwe cha uta pamene ukukoka, kapena limaima pakati ngati mfuti yakana. Ndiye kuti wotsogolo wanga uja ankandidandaulira kuti watopa, ine n'kumuyankha ndi mafuta a makina osokera.

Chimene chinandipweteka koposa chinali cha timigolo tija. Mulibe kachitsulo kozungulira chifukwa muli koyilo ndi maginito, monga momwe zilili mu sipika, ndipo magetsi akamasinthasintha, kolemera kam'katimo kamapita uku ndi uku mofulumira kapena pang'onopang'ono. Kamota kakale kaja kamafuna nthawi kuti kayambe kuzungulira ndi nthawi kuti kaime, choncho kamangodziwa kugwedeza basi, pamene aka kamayamba ndi kuima nthawi yomweyo, moti kamatha kukusiyanitsira m'manja kuyenda pamchenga ndi kuyenda pachitsulo, ngakhale phazi limene lamenya mpira. Ine amene ndamatapo masipika osawerengeka ndinagwira msuweni wa sipika m'manja mwanga, n'kumunena kuti ndi umboni wa kuba.

Ndinayesa kudziteteza. Ndinati kuyambira pa Atari ya 1977, ya ndodo imodzi ndi batani limodzi, amisiri akhala akulimbikira kuti padi izimvera dzanja, ndiye munthu angadziwe bwanji kuti tsopano ayamba kupanga yokana dala? Mnyamata uja, mwina pondimvera chisoni, anati si ine woyamba kudabwitsidwa ndi padi yatsopano, chifukwa pamene makina a magemu a Wii anatuluka mu 2006 ndi padi yoyendetsa pogwedeza mkono, anthu ena inkawapulumuka n'kuswa ma TV awo, mpaka Nintendo inapereka tizingwe tolimba tomangira padzanja. Ndinayamba kumva bwino pang'ono, koma mlongo wanga anati anthu amenewo ankaswa zinthu zawo, osati za ana a eni. Ndivomere kuti m'kati mwa manyazi onsewo, mmisiri amene ali mwa ine anasilira munthu amene anaganiza zoika kamota, kagiya ndi kamkono pamalo pochepa ngati chikhadabo, cholinga chake n'kungofuna kuti chala chimve kutopa kwa munthu amene kulibe.

Chigamulo chinali chakuti mlamu agula padi ina, ine ndibweze ndalama pang'onopang'ono, ndipo atatchula mtengo wake ndinaona mbuzi zanga zikutuluka m'khola. Za nsapato ndi mawindo sanazitchule n'komwe, zimene zinandisowetsa tulo kuposa akadandikalipira.

Mu Disembala mlamu anabwera kutchuthi, ndipo monga mwa mwambo tinam'phera nkhuku. Imene inagwidwa inali yamawangamawanga ija. Pa nthawi ya chakudya mkazi wanga anagwada n'kuika patsogolo pa mlendo mbale ya nsima, mbale ya ndiwo yokhala ndi nthutumba pamwamba monga ayenera kulandirira mlendo wolemekezeka, ndi kasosala kena kakang'ono kovundikira. Mlamu anavundukula, ndipo m'menemo munali kasipuling'i kaja, kotsukidwa bwino, kopindika pang'ono koma kathunthu. Anakanyamula ndi zala ziwiri, anakayang'ana pa kuwala kwa pawindo, kenako anakankhira sosalayo kumbali kwanga n'kunena kuti, "Alamu, nthutumba ndidya ine, koma ichi ndi cha amisiri."