Momwe ndimachulukitsira zipatso pa mabedi anga a sitiroberi

Kwa ine chaka cha sitiroberi chimayamba mu Januwale, mvula ili pakati, pamene mabedi amaoneka ngati alibenso ntchito. Nyengo imeneyi tsinde lililonse limatulutsa timikono tatitali toyanga pansi, ndipo pamfundo pake pamamera kambande katsopano. Mbewu ya chaka chamawa ndi imeneyo. Ndimayenda m'bedi ndi kusankha matsinde okhawo amene anabereka bwino komanso amene masamba ake sanakwinyike kapena kuchita chikasu. Pa kamkono kalikonse ndimatenga mbande yoyamba, yoyandikana ndi mayi wake, chifukwa ndiyo imakhala yamphamvu, ndipo zakutsogolo ndimadula. Pansi pake ndimaikapo chubu, chomwe chija timafesera mitengo, chodzaza dothi losakaniza ndi kompositi, n'kupanikiza kamkonoko ndi kawaya kopinda kuti kasasunthe. Pakatha masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi mizu imakhala itagwira, ndiye ndimaidula kwa mayi wake.

Chifukwa chovutikira chonchi n'chakuti tsinde la sitiroberi limakalamba msanga. Chaka choyamba ndi chachiwiri limabereka bwino, koma likafika chachitatu zipatso zimachepa ndi kufupika, matenda nawo n'kuunjikana. Anthu ambiri amene amadandaula kuti masitiroberi awo ndi masamba okhaokha amakhala akuthirira nkhalamba. Ine ndili ndi mabedi atatu ndipo chaka chilichonse ndimazula limodzi, lakale kuposa onse, n'kubzala latsopano.

Ndimakhala ku Dedza, tauni imene ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo kuzizira kwa kuno mbewuyi imakukonda. N'chimodzimodzi paphiri la Zomba, kumene anyamata amakuthamangirani ndi masitiroberi m'mbali mwa msewu wopita ku Ku Chawe. Chimene chimaiuza mbewuyi kuti iyambe maluwa ndi kuzizira pamodzi ndi kufupika kwa usana, ndiye ndimaonetsetsa kuti ndaokera kumapeto kwa Malichi kapena mu Epulo, mvula ikamadukiza, kuti Juni azipeza mbande zitakhazikika kale. Amene muli kotentha monga Salima kapena Chikwawa, mukhoza kuyesa m'miyezi yozizira, koma musayembekezere zofanana ndi za kumapiri.

Malo a bedi latsopano ndimasankha pamene dzuwa limawomba maola osachepera asanu ndi limodzi. Pamthunzi wa mango kapena kuseri kwa khoma simungapezepo kanthu. Sindibzalanso pamene panali tomato, mbatata ya kachewere, mabiringanya kapena tsabola m'zaka zitatu zapitazo, popeza mbewu zimenezi zimasiya m'nthaka matenda ofotetsa amene amagwiranso sitiroberi. Bedi ndimalikweza masentimita 20 mpaka 30, m'lifupi mita imodzi, kuti madzi asamadikhe, ndipo ndimagaulira manyowa owolerana bwino masabata awiri ndisanaokere. Zitosi za nkhuku zaziwisi zimaotcha mizu.

Pookerapo ndi pamene ndimachedwa kwambiri. Mbande ili ndi mtima, kachibuthu kaja kamene kali pakati pa mizu ndi masamba, ndipo zonse, masamba ndi maluwa omwe, zimachokera pamenepo. Mtimawo uyenera kukhala ndendende pamwamba pa dothi. Mukaukwirira umawola, mukausiya pamtunda mizu imauma. Ndikabzala ndi kuthirira, m'mawa mwake ndimabweranso kudzaona tsinde ndi tsinde, chifukwa dothi likatsendereka ena amamira, ena amatsala m'mwamba, ndiye ndimawakonza ndi zala. Ndimasiya masentimita 30 pakati pa matsinde, mizere itatu pabedi. Poyamba bedi limaoneka lopanda kanthu ndipo munthu umafuna kuthithikiza, koma mpata umenewo ndi wa mphepo, ndipo mudzauyamika chifunga cha Julayi chikafika.

Maluwa amene amatuluka m'masabata oyambirira ndimawathothola. Zimawawa, sindikana, koma kambande ka masamba atatu kakayamba kulera chipatso kamapinimbira. Ndimadikira tsinde likhale ndi masamba asanu kapena asanu ndi limodzi akuluakulu, kenako ndimalileka lichite maluwa. Kuyambira pamenepo mpaka nditamaliza kukolola, kamkono kalikonse kotuluka ndimakadula ndi sizasi sabata iliyonse. Tsinde silingalere ana ndi zipatso nthawi imodzi, ndipo mukalisiya lisankhe lokha, limasankha ana.

Nkhani ya feteleza ndi yofanana ndi imeneyi. Urea wotsala ku chimanga amapatsa masamba obiriwira okongola, koma zipatso zake zimakhala zochepa, zofewa, zosakoma. Maluwa akayamba, mbewuyi imafuna potashi kwambiri. Ine ndimathira feteleza wa D Compound pang'ono, kachivindikiro ka botolo la zakumwa pa tsinde, chapatali ndi mtima. Phulusa la nkhuni lilinso ndi potashi, koma ndimangowaza mopyapyala, chifukwa sitiroberi amakonda nthaka ya asidi pang'ono, ya muyeso wa asidi (pH) wa 5.5 mpaka 6.5, ndipo phulusa lambiri limaisokoneza.

Mizu yake siipita pansi kwambiri, choncho siichedwa kumva ludzu. Pa sabata, malo a mita imodzi mbali zonse amafuna malita pafupifupi 25, ndiye kuti makeni awiri ndi theka a malita 10, ogawidwa kawiri kapena katatu. Seputembala ndi Okutobala ndimaonjezera. Ndimathirira m'mawa, nditachotsa chisefa cha keni, madzi n'kumagwera pansi osati pamasamba. Zipatso zikamagona zonyowa zimachita chuku chotuwa, ndipo chimodzi chikagwidwa chimapatsira zinzake, choncho chowola chilichonse ndimachichotsa n'kukachikwirira kutali. Pansi ndimaphimbira ndi masamba ouma a paini, amene kuno sasowa. Udzu wouma umagwiranso ntchito, kungoti chiswe chimaukonda. Chophimbiracho chimasunga chinyezi ndipo chipatso sichikhudza dothi.

Chipatso chopindika, chokhala ndi kansonga kolimba, kawirikawiri chimatanthauza kuti njuchi sizinafike mokwanira paduwa. Apa ndi pamene ndimasiyana ndi anzanga amene amaphimba bedi lonse ndi neti ya udzudzu poopa mapumbwa. Mbalame zimalephera kulowa, inde, koma njuchi nazo zimatsala kunja. Ine ndimagwiritsa ntchito waya wa khola la nkhuku pa timitengo, wa mabowo oti njuchi n'kudutsa. Nkhono ndimatola usiku ndi tochi. Kukatentha kumabwera akangaude ofiira, tating'ono kwambiri, tokhala kunsi kwa masamba. Ndikangoona timadontho totuwa pamwamba pa tsamba, ndimalitembenuza, ndipo masamba ogwidwa kwambiri ndimawachotsa, otsalawo n'kuwatsuka kunsi ndi madzi m'mawa kuti aume dzuwa lisanalowe.

Kuchoka pa duwa kufika pa chipatso chakupsa pamatenga pafupifupi mwezi, kapena kupitirira pang'ono kukazizira kwambiri. Ndimathyola tsiku lililonse lachiwiri, m'mawa mame atauma, ndikudula kaphesi ndi chala n'kusiya kachipewa kobiriwira kaja. Sitiroberi si nthochi yoti mungavundike: akachoka patsinde kukoma kwake sikuonjezerekanso, ndiye odya pakhomo ndimadikira afiire mpaka kumutu. Okagulitsa ndimathyola kukadali koyera pang'ono kuti apirire ulendo, n'kuwayala m'mbale yosazama, osasanjikiza kupitirira kawiri, ndipo sindiwatsuka mpaka nthawi yodya.