Lipoti la ulendo wathu wa ku Manchewe, kumapiri a Khondowe

Abale ndi alongo amgulu, a tcheya anati ndilembe kalipoti ka ulendo uja tinakacheza ndi alimi anzathu a ku Manchewe m'boma la Rumphi, ndiye amene munatsala nkhani yake ndi iyi.

Tinanyamuka ku Dedza mbandakucha pa kosta, kudutsa Kasungu, Mzuzu, kutsetsereka Chiweta mpaka pa Chitimba m'mbali mwa nyanja, za m'njirazo sindichulutsa. Pa Chitimba adalaivala anati kosta singakwere Gorodi ndiye tinapeza matola. Gorodi ndi msewu wa makilomita pafupifupi 15 wokwera phiri, makona ake akuthwa alipo ngati 20 ndipo pena pikapu imayamba yabwerera m'mbuyo kaye kuti ikhote, uku phompho, amayi ena anangotsinzina nkuyambitsa nyimbo ya kwaya. Koma ine amene anandigwira mtima ndi azimayi tinakumana nawo akutsika wapansi, madengu a nthochi pamutu, ena mwana kumbuyo, akuti akagulitse kunyanja abwereko ndi usipa tsiku lomwelo.

Mudziwo si wowunjikana ngati kwathu kuno ayi, nyumba zinamwazikana m'zitunda, apa ziwiri apo zitatu, munda uli pakhomo pomwe koma wopendekeka moti polima umachita kuponda mosamala. Anatilandira ndi kondowole wa usipa, Chitumbuka chathu chothyokathyoka koma tinamvana bwinobwino. Kumunda tinaona mizere yopingasa phiri, udzu wa vetiva m'milambala, khofi atabzalidwa pamthunzi wa nthochi, pansi ataphimbira ndi masangwi a nthochi zomwezo ndiye dothi silithawa olo mvula igwe yamkuntho. Khofi amathyola wofiira yekhayekha ndipo amafunika akafike kumakina ochotsa makoko tsiku lomwelo, akagona amawonongeka, ndiye taganizani kusenza chidebe chodzadza pa zitunda zimenezija. Izi za vetiva ndi kuphimbira ife aku Dedza tilibe chowiringula, mapiri athu ndi omwewa.

Kenako agogo ena aamuna anatitengera ku mathithi a Manchewe, madzi amagwa mamita 125, ndipo kuseri kwa madziwo kuli phanga. Kanjira kake nkoterera, timagwirana manja, ukalowa mkati mwake muli chinyontho ndi mdima, phokoso la madzi lokhalokha moti mnzako ali pafupi sumumva. Agogowo anati makolo awo, Aphoka, ankabisala mmenemo Angoni akabwera ndi nkhondo zaka za m'ma 1800, ndipo phokoso lomwelo ndi limene linkabisa kulira kwa ana. Anati ndi mantha omwewo amene anakankhira anthu kumanga m'malo ovuta kufikako, nkuphunzira kulima pamene wina sangaganize zolimapo. Anafotokozanso za makolo awo osula makasu ndi ng'anjo zawo zosungunulira chitsulo. Tinangoti zii tonse, ngakhale anyamata aja okonda maselfi anabweza mafoni m'thumba.

Kuchoka apo ndi kamtunda pang'ono kufika ku Livingstonia. Amishoni a Free Church of Scotland anayamba ku Cape Maclear mu 1875, malungo atawavuta anasamukira ku Bandawe mu 1881, kenako mtsogoleri wawo Dr Robert Laws anakwera ku Khondowe, komwe ndi ku Livingstonia lero, mu 1894 kufuna malo ozizira opanda malungo ambiri. Tinaona tchalitchi, chipatala cha David Gordon Memorial, yunivesite imene inatsegulidwa mu 2003, ndi Stone House momwe ankakhala Laws, pano muli myuziyamu. Panja anationetsa miyala yolemba vesi la Aefeso 2:14, akuti mu 1959 nthawi ya State of Emergency ndege ya boma inaponya uthenga kufunsa ngati azungu akufuna kuwachotsako, iwo pamodzi ndi anthu akuda anayankha ndi vesi limenelo, lonena za Khristu amene anagumula khoma lolekanitsa. Zinandisangalatsa kwambiri.

Koma abale ndinene chilungamo, mtima unandiwawa. Mu Stone House zithunzi, makalata ndi katundu wa amishoni zonse zinasungidwa bwino, ndipo nkoyenera, sukulu ndi chipatala zinathandiza anthu ambiri zedi. Nanga mbiri ya eni phiri amene Laws anawapeza? Zambiri zimene tinamva kuphanga kuja zili m'mutu mwa agogo aja basi, ndipo iwo eni anadandaula kuti adzukulu akangomaliza fomu 4 amatsikira ku Mzuzu kapena ku Joni, palibe wokhala pansi kumvetsera. Sizosiyana ndi kwathu, ndani mwa ife anakhalapo pansi ndi agogo ake kufunsa za mapanga a zojambula zakale za makolo a ku Chongoni?

Pamsonkhano wotsanzikana tinagwirizana kuti anzathuwa adzabwera kwathu tikakolola kudzaona ulimi wa mbatata ya kachewere, ndipo achinyamata a mbali zonse ziwiri ayambe kujambula pafoni nkhani za akuluakulu, atapempha kaye chilolezo kwa iwo ndi kwa amfumu. Mbewu ya vetiva tabwera nayo, ili kwa a tcheya. Amene mungathe kugoneka alendo kunyumba kwanu perekani maina kwa alembi pamkumano ukubwerawu.