Mawu othokoza pamene ndabwereranso pa siteji

Kwa inu nonse amene mwakhala mukufunsa za umoyo wanga, ndikudziwitseni kuti ndabwereranso pa siteji, ndipo sewero limene tinaonetsa kumapeto kwa sabata yathayi ndinalimaliza mawu anga ali bwino kuyambira poyamba mpaka pothera. Ambiri a inu nkhope yanga simuidziwa, mumadziwa mawu okha, chifukwa ngakhale ndinakulira m'zisudzo za pa siteji, ntchito imene yadyetsa banja langa kwa zaka zambiri ndi ya mu situdiyo, monga masewero a pa wailesi, mauthenga a malonda ndi nkhani zowerengedwa. Choncho mawuwo atasasa n'kukana kubwerera, chimene chinaima si ntchito imodzi yokha koma zonse, ndipo pali anthu amene anandisungira malo nthawi yonse imene ndinali chete, omwe ndiyenera kuwathokoza poyera.

Ndiyambe ndi adokotala a makutu, mphuno ndi mmero, amene analowetsa kachubu kopyapyala kokhala ndi kamera kudzera m'mphuno mwanga, n'kundionetsa timinofu tiwiri ta m'kholingo timene timatulutsa mawu. Anandifotokozera kuti munthu wamwamuna akamalankhula timinofuti timagundana maulendo opitirira 100 pa sekondi imodzi, ndipo mwa wamkazi pafupifupi 200, kotero kuti amene amakuwa pa siteji usiku kenako m'mawa n'kukajambulitsa mawu amakhala akutikhulitsa popanda kupuma. Pa timinofu tanga panali totupa tiwiri tolimba toyang'anizana, tofanana ndi kukhakhala kumene kumabwera m'manja mwa munthu wogwira ntchito yamanja, ndipo tinkalepheretsa timinofuto kutsekeka bwino, mpweya n'kumangopyola. Chilungulira cha usiku nacho chinkawonjezera vutolo. Adokotala, ndikuthokozani chifukwa munayamba ndi kundiuza kuti si khansa musananene china chilichonse, komanso chifukwa simunathamangire opaleshoni pamene njira ina inalipo.

Njira inayo inali m'manja mwa mayi amene amathandiza anthu a vuto la kulankhula. Chinthu choyamba chimene anandiletsa chinandidabwitsa, pakuti anandiletsa kunong'ona, nati kunong'ona kumafinya kholingo kuposa kulankhula motsitsa. Anandiletsanso kukhosomola kwa chizolowezi kuja kumene ife a zisudzo timachita tisanayambe mzere. Kenako anandipatsa kapu ya madzi ndi kachubu komwera zakumwa, nandiuza kuti ndizitulutsa mawu kudzera m'kachubuko mpaka madzi azichita thovu mosadukiza, mapewa ali phee, mpweya ukuchokera m'mimba. Munthu amene ndakhalapo mfumu ndi woweruza milandu pamaso pa khamu ndinkakhala pampando n'kumawiritsa madzi m'kapu, iwo atagwira dzanja pakhosi panga kuti amve ngati ndikulimbitsa minofu. Mayi, kuleza mtima kwanu ndi kumene kunabweza mawu amene anthu anawamva sabata yathayi.

Pa nthawi imene ndinafooka kwambiri, mkulu wina wa gulu lathu, amene anandiphunzitsa kuima pa siteji ndili mnyamata, anabwera kudzandiona ndipo sanandiuze mawu otonthoza ambiri, koma anandikumbutsa mbiri ya James Earl Jones. Munthu ameneyu anabadwa mu 1931 ku Arkabutla m'chigawo cha Mississippi ku America, ndipo ali ndi zaka pafupifupi zisanu anasamukira ku Michigan kumene analeredwa ndi agogo ake. Chibwibwi chake chinali chachikulu moti kwa zaka zambiri za ubwana wake anangosiya kulankhula pagulu. Ali ku sekondale, mphunzitsi wake wa Chingerezi, Donald Crouch, anaona ndakatulo imene mnyamatayo analemba, ndipo anamuuza kuti ngati analembadi yekha aimirire ainene pamtima pamaso pa anzake. Anainena yonse osagwidwa chibwibwi. Mwana wosalankhula uja ndi amene anadzalandira mphoto ya Tony, imene imaperekedwa kwa akatswiri a zisudzo ku America, mu 1969 komanso mu 1987 chifukwa cha luso lake pa siteji za Broadway ku New York, ndipo ndi amene dziko lonse linadzamudziwa ndi mawu a Darth Vader m'filimu ya Star Wars mu 1977 ndi a mkango Mufasa m'filimu ya The Lion King mu 1994.

Chimene chinandikhudza kwambiri m'mbiriyi n'chakuti chibwibwi sichinamusiye, mwiniwake ankanena poyera mpaka ukalamba kuti akadali nacho, ndipo anangophunzira kugwira nacho ntchito. Chinanso ndi khalidwe lake pa nkhani ya dzina. M'mafilimu awiri oyamba a Star Wars dzina lake silinalembedwe pa mndandanda wa osewera, ndipo anafuna zimenezo ndi iye yemwe, pakuti amene anavala chovala chakuda cha Darth Vader n'kumayenda pamaso pa kamera anali David Prowse. Ife amene timagwira ntchito ya mawu timadziwa kulemera kwa zimenezi, chifukwa timazolowera kumveka osaoneka, ndipo nthawi zina mtima umafuna kuti anthu adziwe kuti tinalipo. Jones ulemu unamupeza wokha, moti mu 2022 nyumba ya zisudzo ya Cort ku New York inasinthidwa dzina n'kukhala James Earl Jones Theatre, iye akadali moyo. Anamwalira pa 9 September 2024 ali ndi zaka 93. Bambo, zikomo chifukwa chondikumbutsa munthu ameneyu pa tsiku limene ndinkaganiza zogulitsa maikolofoni yanga, ndipo ndikuona kuti inunso mwakhala kwa ine chimene mphunzitsi uja anali kwa iye.

Kwa mayi a kunyumba, mawu ondikwanira ndilibe. Inu ndi amene munkayankha mafoni onse a ntchito, munkawerenga zimene ndinkalemba m'kope n'kuzinena m'malo mwanga, ndipo munasenza nokha zofunika za pakhomo pamene ine sindinkalowetsa kalikonse. Ana athu anaphunzira kubwera pafupi akafuna kundiuza kanthu m'malo mondiitana ali kutali, ndipo wamng'ono uja, amene anali atangoyamba kudziwa kuwerenga, ndiye anatenga udindo wowerenga nthano usiku, ine n'kumamvetsera.

Ndithokozenso anzanga a m'gulu, makamaka mnyamata amene anatenga mbali yanga m'sewero. Anaisewera bwino kwambiri, ndipo mawu ena anawatchula mwanjira imene ine sindinaiganizirepo, yomwe tsopano ndaitengera. Atamva kuti ndachira anabwera yekha kudzandibwezera mapepala a sewero, ngakhale kuti anali ndi chifukwa chokwanira chokakamirira pamalopo. Wojambula mawu wa mu situdiyo nayenso ndili naye ngongole. Kampani ina imene ndinkaiwerengera mauthenga inapempha mawu anga akale kuti iwalowetse mu kompyuta ndi kupanga nawo mauthenga atsopano popanda ine, koma iye anakana kupereka kanthu mwiniwake ndisanavomereze. Nkhani imeneyi ndi yaikulu pa ntchito yathu masiku ano, ndipo maganizo anga ndi akuti munthu akhoza kulola kuti mawu ake agwiritsidwe ntchito motero, monga Jones yemwe analolera kumapeto kwa moyo wake, koma chilolezocho chiyenera kuchokera kwa iye, osati kutengedwa pamene akudwala.

Kwa inu omvera ndi oonera, mauthenga anu onse ndinawawerenga, ngakhale ambiri sindinathe kuwayankha. Ndili ndi pempho limodzi. Adokotala andilangiza kuti ndikatsika pa siteji ndizipumitsa mawu, choncho mukandipeza pakhomo sewero litatha n'kuona kuti ndangokupatsani dzanja ndi kumwetulira, musayese kunyada. Pakadali pano ine ndi mnyamata uja tizisinthana masiku osewera mbali ija, ndipo ntchito za mu situdiyo ndiziyambiranso pang'onopang'ono adokotala akadzandionanso mwezi wamawa.